Tsiku limene ndinagwadira kamera

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Thamesmead, pamene ndinachititsa manyazi amayi anga chifukwa cha chokoleti. Amayi ankasamalira nkhalamba ina ya ku Spain m'nyumba yaikulu pakati pa London. Chilolezo chathu chokhalira m'dziko muno chinkadalira ntchito imeneyo, ndipo ine ndinkadziwa.

Mbiri ya mkuluyo ndinailoweza ngati ya mayeso, popeza ankaibwereza kwa aliyense wolowa pakhomo. Anabadwira m'banja loyandikana ndi mafumu, la minda yoti sungaimalize ndi miyendo tsiku limodzi. Analowa m'nyumba ya malamulo ndevu zisanakhwime, nakhala nduna, kenako kazembe. Boma likasintha, iye ankangosintha malaya n'kukhalabe pampando. Mwini wake ankati kumeneko ndiye kutumikira dziko. Amayi, tikakhala awiri, ankati ndi bilimankhwe.

Pomupatsa mankhwala amayi ankagwada, monga anaphunzirira kwawo ku Dedza. Za undunazo analibe nazo ntchito, iwo ankagwadira imvi.

Sukulu itatsekera panalibe wotsala nane, ndiye ndinapita nawo. Tsiku limenelo kunabwera mzimayi wolemba buku la moyo wa mkuluyo, kamera ili m'khosi. M'chipinda munkanunkha khofi ndi mafuta opukutira mipando. Mkuluyo analankhula nthawi yaitali za mmene ankamenyera ufulu wa osauka, uku akuliza kabelu kuti amayi amukonzere pilo. Kenako anauza mlendoyo kuti ulemu unatsala ku Africa kokha, napempha amayi kuti agwade, mlendoyo awajambule. Amayi anati ketulo yawira, natuluka.

Ndiye mkuluyo anatembenukira kwa ine, bokosi la chokoleti lili m'manja. Sindinama, palibe amene anandikakamiza. Ndinagwada bwinobwino, kulandira ndi manja awiri, mano onse ali panja. Iye anandisanjika dzanja pamutu, kamera n'kuthwanima.

Amayi anali ataima pakhomo ndi thireyi. Sanakweze mawu. Anauza mzimayiyo kuti afufute chithunzicho chifukwa mwanayo ndi wawo, ndipo iye analonjeza mwamanyazi. Mkuluyo anaseka, nati wantchito wolamula alendo ake asaonekenso mawa, pokhapokha apepese. Amayi anayang'ana thireyi, kenako ine. Anaiika patebulo ali chiimire, navula epuloni.

M'basi, titadutsa Woolwich, amayi anandicheukira.

"Iwe Tadala, kugwada munthu umamupatsa wekha. Akayamba kukupempha, dziwa kuti akufuna kukukwera pamutu. Wagulitsa maondo ako ndi maswiti."

Ndinawayankha m'Chingerezi, mwamwano, kuti iwonso ankagwada tsiku lililonse. Anandilanda bokosi lija n'kulisiya pampando wa basi.

Miyezi yotsatira inali yowawa. Amayi anayenda m'maofesi ndi mapepala athu, akuopa kalata iliyonse yogwa pakhomo, mpaka anapeza ntchito ya mashifiti kunyumba yosungira okalamba ku Tottenham, ulendo wa mabasi atatu. Nthawi yonseyo ine ndinkakwiyira iwo, ndikumati anataya ntchito yabwino chifukwa cha matama. Uchitsiru wanga umenewo umandiwawa mpaka pano.

Buku lija ndinalipeza mulaibulale ndili kuyunivesite, mkuluyo atamwalira kale. Chithunzi chili momwemo, pakati pa cha mafumu ndi cha nduna zinzake. Pansi pake analemba kuti ndine mwana wamasiye amene iye ankamulipirira sukulu. Wamasiye, pamene amayi anga anali pakhomo pomwepo ndi thireyi. Munthuyo sanandigulirepo ngakhale pensulo.

Tsopano ndikumvetsa chimene amayi anaona ali pakhomo paja. Munthu amene anakula akuuzidwa kuti dziko lonse ndi munda wake amakolola chilichonse, ngakhale ulemu wa mwana wa eni ake, n'kukautcha mbiri yake. Mtima umanditentha ndikamuganiza, ndipo ndilibe maganizo omukhululukira. Amayi akalamba tsopano. Amakhulupirirabe kuti ntchito yawo sinatayike pachabe, kuti chithunzicho chinafufutidwa, ndipo ine sindidzawauza.