Kalata imene ndinapichira fodya

Ndinaphunzira kuwerenga imvi zitayamba kale, ku sukulu ya kwacha ya pa tchalitchi kwathu kwa Makhuwira. Anthu amati ndinkafuna kumadziwerengera ndekha Baibulo. Ndimangowasiya aganize choncho.

Akazi anga ankawamba nsomba. Ine ndinkabwera ndi milamba kuchokera kudambo, iwo n'kumaiwamba kuseri kwa nyumba, tsiku ndi tsiku, maso ali psuu ndi utsi. Chaka china, zipani zitachuluka kale, chifuwa chinawakakamira. Anapita kuchipatala cha pa boma, kumene anawajambula m'chifuwa, ndipo anabwerako ndi kalata yopinda. Anandiuza kuti adokotala aona kamthunzi m'mapapo, kuti si TB, ndipo kalatayo akaipereke ku Blantyre. Inali nyengo ya nsomba zambiri. Ndinawauza kuti adikire kaye madzi aphwe. Kalata ija anaisomeka kudenga.

Chifuwa chinayamba kuchepa chokha. Tsiku lina masana ndinali ndi fodya wa chingambwe koma ndinalibe pepala lopichira. Ndinasolola kalata ija. Sindinganame kuti ndinaisokoneza ndi pepala lina, ndinkaidziwa bwino lomwe. Kungoti kwa ine pepala linali pepala basi, ndipo mwini wake anali atasiya kutsokomola. Munatuluka ndudu zinayi.

Patapita zaka, chifuwa chinabweranso, tsopano ndi magazi. Ulendo uno ku Blantyre tinapita. Anapeza zotupa ziwiri, china m'phapo lakumanja, china lakumanzere. Anatapa kanyama pa chotupa chilichonse ndi singano yaitali, tina mwa tinyamato n'kutitumiza kunja kuti akatiyeze. Tinadikira milungu yambiri.

Adokotala anali mayi wachitsikana, wolankhula modekha. Anajambula timizere tiwiri tozungulira papepala, n'kutifotokozera kuti kawirikawiri khansa imayamba pamodzi kenako n'kufalikira, kotero zotupa zonse zimakhala ana a mayi mmodzi. Koma ziwiri izi panalibe chibale. Pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, maselo a chimodzi anali atandanda bwinobwino ngati mabango a mpanda, pomwe a chinacho anali atangounjikana. Majininso, omwe anati ndi malangizo amene amakhala m'selo lililonse, anali atawonongeka malo osiyana. Chimodzi chinali chakale, chokula pang'onopang'ono. China chinali chatsopano, chothamanga.

Kenako anafunsa ngati panalibe amene anachionapo kale chakalecho.

"Anandipatsa kalata," anatero akazi anga, "koma inapita ndi madzi osefukira."

Sanandiyang'ane. Chaka chimenecho madzi m'nyumba mwathu sanalowe.

Titatuluka ndinawakhazika pa benchi, ine n'kutsatira adokotala aja mpaka pakhonde. Ndinawauza zonse, ndi za ndudu zinayi zomwe. Ndiye ndinawafunsa kuti pa ziwirizo, chomwe chikupha akazi anga ndi chiti.

"Chatsopanocho, bambo. Sichinachokere ku chakale chija."

Ndinamva mtima kupepuka. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndithokoze, koma anali asanamalize.

"Koma akanabwera nthawi ija, bwenzi tikuwajambula pafupipafupi. Mwina tikanachipeza chikadali chaching'ono. Mwinanso ayi. Sindingakuuzeni zoposa pamenepa."

Anatipatsa mankhwala ochepetsa ululu ndi pepala la zotsatira, tinabwerera kumudzi. Akazi anga sanaone mapira a chaka chimenecho atacha. Kutatsala masiku ochepa kuti atisiye anandituma kuti ndisomeke pepalalo kudenga, ndipo analoza ndi chala malo ake, pomwe paja panali kalata yoyamba.

"Ili lokha musasute, abambo," anatero.

Anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, ndinawagwirira beseni. Za kalata sitinakambenso.

Chaka chotsatira ndi pomwe ndinakalembetsa sukulu. Tsopano pepala lija ndimalitsitsa, ndimalifunyulula, ndimatchula zilembo chimodzichimodzi. Lili m'Chingerezi, ndiye mawu ambiri amangondidutsa. Dzina la akazi anga ndimalitha, komanso pomwe alemba kumanja ndi kumanzere.

Koma lomwe ndinkafuna kuwerenga si limeneli. Sindidziwa ngati kalata yoyamba ija inalamula kuti apite msanga kapena inangoti akapeza mpata. Amene anailemba anachoka kale pa boma paja.

Fodya ndinasiya, nsomba pakhomo pano siziwambidwanso. Ana a pafupi akamatentha zinyalala, pakakhala pepala pamotopo, ndimalizindikira ndi mphuno ndisanaone utsi, ndipo ndimalowa m'nyumba kukayang'ana kudenga.