Galimoto Yoluma

Katcheni ka njinga, kadzimbiri, kakadali m'chitini chimene amayi ankasungiramo mabatani. Bambo ndiwo anakamangirira kunsi kwa galimoto ya a tcheyamani a chipani, imene ankayendetsa, kuti kazikokoloka pansi. Ndikakaona, mpaka lero mtima umandiwawa.

Chinali chisanu cha ku Manjawira, chija chong'amba milomo ndi kusiya miyendo ili mbuu. Mipando ya galimotoyo inali yokutidwa ndi pulasitiki, ndipo kunja kukauma chonchi galimotoyo inkaluma. Ukatsika n'kugwira chitseko, chala chinkathetheka ngati wabayidwa ndi singano. Bambo ankagona nayo kunyumba, ndiye anandiphunzitsa: "Gwira chitsulo cha chitseko phazi lisanaponde pansi, ndipo usachisiye mpaka utatsika. Ndi timagetsi ta m'zovala chabe." Ine ndinkangokwera ndi kutsika, kunyadira kuti sikundiluma.

A tcheyamani ankavala suti yanayiloni yonyezimira. Potsika ankatsetsereka pampando, manja ali m'mwamba kupereka moni kwa anthu, kenako n'kutsamira chitseko. Galimotoyo inawaluma ku Boma. Inawalumanso ku Kasinje pamaso pa amayi ovina, mpaka anadumpha, mayi wina n'kuseka. Masiku amenewo kuseka munthu wamkulu unali mlandu, ndipo mlandu sunkagona wopanda mwini.

"Bwanji osangowauza?" amayi ankatero. Bambo ankapukusa mutu: "Dalaivala angaphunzitse bwana katsikidwe ka m'galimoto?" Ndiye anamangirira katcheni kaja mwakachetechete, poti anamva kwa anzawo kuti kamatsitsira magetsi m'nthaka. Sikanathandize n'komwe. Ulemu wawo womwewo ndi umene unawapweteka, koma izi ndazizindikira nditamera imvi.

Anthu anayamba kunong'onezana kuti bwanji galimoto ikuluma bwana yekha, dalaivala ayi? Amene anagwada kusuzumira kunsi n'kukapeza katcheni anali amalume, mlongo wawo wa amayi, munthu amene ankadya kwathu tsiku ndi tsiku, laisensi yake yoyendetsera galimoto ikuchita nkhungu m'thumba. Anakanena kuchipani kuti imeneyo ndi waya yokokera magetsi kuti a tcheyamani afere pampando. Kodi amalumewo ankakhulupirira zimenezo? Ankadziwa bwino, poti bambo anawaphunzitsa kugwira chitseko tsiku lomwelo limene anaphunzitsa ine. Sindinawakhululukire, ndipo pamaliro awo ndinapita thupi lokha.

Anyamata a chipani anabwera m'mawa, tikuwothera dzuwa pakhonde. Anaponya katcheniko pamapazi pa amayi, n'kumanga bambo manja kumbuyo ndi chingwe cha sisalo. Anansi onse analowa m'nyumba zawo. Ngakhale mlongo wa m'tchalitchi amene ankatungira limodzi madzi ndi amayi anatseka zenera. Bambo sanakane kanthu. Anangoti, "Mwanayu azipita kusukulu." Sitinawaonenso, ndipo sabata isanathe amalume anali atakhala pachiwongolero.

Koma ine m'mawa umenewo sindinalire. Ndinkangoyang'ana manja omangidwa aja pamene ankawakankhira m'galimoto yomweyo, pampando wapulasitiki wa kumbuyo, ndipo nkhawa yanga inali imodzi yokha. Galimoto itanyamuka ndinaithamangira m'fumbi ndikufuula kuti, "Muwamasule akamatsika! Agwira bwanji chitseko?" Amayi anandigwira n'kunditseka pakamwa. Ine ndinkaganiza kuti choopsa chachikulu chimene chinkadikira bambo kumene ankapitako n'chakuti galimoto iwaluma.