Kaligo wa agogo ndi jekete la aphunzitsi

Ndikamva fungo la utomoni, ndimawaona agogo anga aamuna, a Chimkwende, atakhala pamwala kuseri kwa khola, nkhungu ya ku Chongoni isanachoke, akupaka utomoni pa uta wa kaligo wawo. Kaligoyo anali wa chingwe chimodzi chokha, koma akamuliza, amayi opita kunkhuni ankaima panjira mpaka kuiwala chimene atulukira.

Chaka china, ine ndili mwana, agogo anali m'kalasi ya ubatizo. Aphunzitsi a tchalitchi, a Yohane, anawauza mosapita m'mbali kuti kaligo ndi wa kumowa, ndipo akapanda kumutentha, ubatizo aiwale. Agogo ubatizowo ankaufuna ndi mtima wonse, poti agogo aakazi anali atabatizidwa kale. Tsiku lotenthera anali atalitchula.

Ndiye kunabwera mzungu wa ku Mangalande woyeza malo, mvula n'kumutsekera m'mudzi mwathu masiku atatu. Masana ena anapukusa galamafoni yake, bokosi lokhala ndi lipenga, ndipo munatuluka kulira kwa zingwe zambirimbiri, zina zoonda, zina zobuula ngati ng'ombe. Ife ana tinathawira kuseri kwa nkhokwe. Agogo anasendera pafupi, atapendeketsa mutu.

"Apa nyimbo ndi imodzi yokha," anatero. "Enawa akungoiperekeza."

Anatenga kaligo n'kuisolola nyimboyo pakati pa zingwe zonsezo, kuiliza yokhayokha. Mzunguyo kukamwa yasa! Kudzera mwa womasulira anavomera kuti inalidi nyimbo ya alimi a kwawo, imene mayi ake ankayimba, kungoti akatswiri anaiveka zingwe kuti izimveka m'nyumba za mafumu.

Tsiku lomwelo agogo anapita kwa a Yohane.

"Aphunzitsi, azungu eni akewa nyimbo ya kumunda kwawo aiveka zingwe makumimakumi. Ine changa chimodzi chomwechi nditenthe? Ayi, pepani."

"Lamulo sindinaike ndine, bambo," anayankha a Yohane.

Kwa zaka zinayi agogo ankatiperekeza kutchalitchi n'kukhala panja, patsinde pa msuku, kaya kuzizire bwanji, kumvetsera ife tikuyimba m'kati. Zinkandiwawa, ndipo nthawi zina ndinkawakwiyira chifukwa cha liuma lawolo. Iwo sanadandaulepo, ndipo sananenepo zoipa za a Yohane.

Agogo atadwala chifuwa, mpweya ukuvuta, a Yohane anabwera ndi madzi a ubatizo m'chikho. Polowa m'nyumba anaona kaligo ali pakhoma, chakumutu kwa mphasa. Anamuyang'ana kwa nthawi, kenako anavula jekete lawo n'kulikoleka pamwamba pake.

"Ine pano sindikuonapo kanthu," anatero, n'kuyamba pemphero.

Agogo anamwalira mawa lake, dzina lawo lili Petulo.

Kaligoyo ali m'nyumba mwanga mpaka lero, chingwe chinaduka kalekale. Adzukulu akandifunsa chifukwa chake ndimamusunga atafunda jekete lakutha la munthu amene sanali m'bale wathu, ndimangowauza kuti mwini wake sanabwere kudzalitenga.