Malata pa kachisi wa amalume

Kuseri kwa mudzi wathu, ukadutsa pamene timawambira nsomba, pali kankhalango komwe kale kanali ndi linga la miyala. Akuti makolo ankabisalamo nthawi ya nkhondo za ukapolo. Lero lingalo latsala mulu wofika m'mawondo, poti miyala yabwino anthu anatuta kalekale kukamangira maziko a nyumba. Pakati pa mitengoyo pali kachisi, kanyumba ka mizimu kolekeza m'chiuno, komwe amalume ankathirako nsembe ya ufa popempha mvula.

Ine ndine mayi wa tchalitchi, za mizimuzo sindili nazo. Koma amalumewo ndi amene anandilera mayi anga atamwalira, ndiye kuwakanira kunali kovuta. Mwera ukayamba ndinkamweta udzu n'kusunga, ndipo dzuwa likafika poswa mtengo ndinkasiya usipa wanga pathandala n'kusenza mitolo. Tinkasonkhana ambiri ndithu, amayi kulambula njira, abambo kufolera, thobwa lili pamthunzi. Ine ndinkanyinyirika njira yonse. Udzu kuyabwa, msana kuwawa, zonsezi chifukwa cha kanyumba koti ngakhale mbuzi singagonemo.

Chaka china achimwene anga a ku Lilongwe anandipeza ndikudzisisita khosi, anandimvera chisoni. Atabweranso anatsika minibasi ndi malata awiri, misomali ili m'thumba. Tsiku lomwelo anakhoma okha.

"Amalume, mavuto atha," anatero achimwene. "Denga ili mudzalisiya likadali lolimba."

Amalume anayang'ana malatawo nthawi yaitali. "Mwachita bwino, bambo," anayankha motsitsa mawu. Ine ndinaimba nthungululu, ndipo chaka chimenecho ndinagona tulo tabwino.

Chilimwe chotsatira panalibe chofolera, ndiye palibe anapita. Thobwa silinafulidwe. Njira inatsekeka ndi chitedze. Tsiku lina ndikufunafuna mbuzi yanga ndinalowa m'kankhalango muja, ndinapeza zitsa zatsopano, utomoni ukadali wauwisi. Anthu ankaopa kudula mitengo pamalo posesedwa, koma pamalo pooneka kuti eni ake anapataya nkhwangwa siichita manyazi, ndipo nkhuni zowambira nsomba kuno n'zosowa. Malata okha ndi amene ankangonyezimira, osadontha ngakhale pang'ono.

Nthawi imeneyo amalume miyendo inali itatupa, sankayendanso. Nditawauza za zitsazo anandiitana pafupi.

"Iwe, ukandichotsere malata aja."

"Amalume, sakudonthatu."

"Nanga denga losadontha abwere kudzaliona ndani?"

Kunena zoona ndinakwiya. Ndinali nditapuma, ndiye ndiyambirenso? Achimwene nawo nditawaimbira foni anapsa mtima, akuti anthu akumudzi sitithandizika, ndipo anatha miyezi osandilankhula. Komabe ndinabwereka hamala n'kukazula misomali ija ndekha, ndikutukwana chamumtima. Malatawo lero ali pa khola la nkhuku zanga. Amalume anamwalira dzinja lomwelo, atangomva kuti udzu wabwerera pamwamba.

Kuyambira pamenepo ntchitoyi inagwera ine. Nsembe sindithira, ndipo palibe amathira. Ndimangomweta, kusenza, kenako kuyenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti kachisi akudontha. Ena amaseka, ena amati abusa amva. Chikhamu chija sichinabwererenso. Chaka chino tinali amayi okhaokha ochepa, ndipo poti mwamuna panalibe, ndinafolera ndine, ntchito yoti kale mkazi sankaigwira. Mawondo anga analira pogwada. Tinalambula njira, tinasesa pansi pa mitengo yotsalayo, ndinazungulira konse osapeza chitsa chatsopano.

Ndatopa nako kanyumba aka. Ndimakauza ndithu ndikamagwira ntchito, kuti kanandidyera msana ndiponso kanandidanitsa ndi mlongo wanga. Sindikudziwa kuti ine ndikadzalephera adzasenza udzu ndani.

Pomaliza kufolera, mayi wina amene ankandipatsira luzi anaima n'kuyang'anitsitsa manja anga.

"Amayi, kokani luzilo. Mmene mukumangiramu, denga ili silifika chaka chamawa lili bwino."

"Ndikudziwa," ndinatero, n'kumanga mfundo ina yolobodoka.