Fayilo ya a Sajeni Feston

A Feston a kuno ku Chia, amuna awo a Nester, anagwira usilikali zaka makumi awiri, koma mfuti sankaigwira kawirikawiri ayi. Anali sajeni wa mu ofesi, kubalakisi. Koma kuumira kwake inu! Envulopu ankaitembenuza kuti igwirenso ntchito. Wosiya getsi likuyaka masana ankamuthamangitsa bwalo lonse. Lamulo lawo lotchuka linali loti pepala lakale, ngati kumbuyo kuli koyera, lidulidwe panayi likhale ziphaso zotulukira pageti. Mabwana mpaka anawaombera m'manja pa perete.

Atapuma anabwera kudzalima mpunga uku akudikira penshoni. Chaka chonse, zii. Mpunga unapita ndi madzi, a Nester shuga yawakwera mpaka miyendo kutupa, njinga anagulitsa kalekale.

Mwezi wathawu anakwera matola kukafunsa kubalakisi kuja. Anapeza Kopolo Sadick, yemwe anamuphunzitsa okha ntchito.

"Sadick, fayilo yanga ili kuti? Akuti popanda kalata yanga yopumira ntchito sindilandira kanthu."

Sadick anafufuza, thukuta kamukamu. "Bwana, za pashelefu yapansi tinadula."

"Munadula?"

"Kumbuyo kunali koyera, bwana. Munatiphunzitsa ndinu."

"Ndinati mapepala akale, chitsiru iwe! Ine ndine wakale?"

"Chikuto chake chinali chakale, bwana. Paja chatsopano munakana, munati n'kuwononga."

A Feston anangokhala pansi. Kalata ina akuti ichokere kulikulu, mwina zaka ziwiri. Nanga a Nester zaka ziwirizo afika?

Mwayi wake, lamulo lawo lina linali loti ziphaso zikagwira ntchito asataye, azisunga m'matumba zoyatsira moto kukhitchini. Anabwera nawo matumba awiri. Panopa m'mawa uliwonse ali pakhonde, magalasi pamphuno, kutembenuza kapepala kamodzikamodzi, pambali mbale ya phala la chinangwa lomatira. Zidutswa zitatu za kalatayo azipeza. Chatsala ndi chapansi, chokhala ndi chidindo.

Dzulo mawu a Nester anamveka mpaka kuseri kwa mpanda.

"Abambo, si munati matumba anali atatu?"

"Lachitatu ophika anayatsira kale moto, mayi."

"Ndiye mukufunanso chiyani?"

A Feston anakoka thumba loyamba lija, n'kulikhuthula pamkeka, n'kuyambiranso.