Tsiku Limene Tinalira Alamu

Mwana wa achemwali anga anaphunzira gitala potsatira makaseti a bambo ake. Alamu angawo ankayendetsa basi ku Tottenham, kudziko la azungu kuno, ndipo monga abambo ambiri a kwathu, Lamulungu akachoka kutchalitchi ankatsegula nyimbo za kantire, zija za azungu ovala zipewa zikuluzikulu. Ine zinkangondipatsa tulo. Mtsikanayu anaziloweza zonse asanakwanitse zaka khumi, pomwe Chichewa chinkamukanika.

Alamu atamwalira, thupi tinalitumiza ku Malawi pa ndege. Achemwali sanaperekeze, mapepala awo owaloleza kukhala m'dziko lino anali asanatuluke. Patangopita masiku atatu anabwerera kuntchito yawo yosamalira okalamba, osagwetsa msozi ndi umodzi womwe.

Patatha zaka, mtsikana uja anapeka nyimbo ya zimenezi: bokosi lili m'ndege, mayi ake akusita yunifolomu. Achemwali atamva anapsa mtima.

"Iwe, za m'nyumba muno ukaimbire azungu? Ukadzatero usadzandiitanenso kuti amayi."

Anayankha m'Chingelezi kuti wamva. Ine ndinadziwa kuti sanamve, liuma lake ndi la bambo ake.

Loweruka lina masana anapatsidwa mpata woimba pamalo ena omwera mowa ku Wembley, pomwe anthu a pa wailesi ankabwera kudzasaka oimba atsopano. Ndinawakokera achemwali kumeneko, tinakhala kumbuyo kwenikweni. Nyimbo ziwiri zoyamba zinali za eni ake. Yachitatu inali yoletsedwa ija.

Achemwali anaimirira. Ndinatola chikwama changa poganiza kuti tikutuluka. Koma iwo anaika manja kumutu n'kuyamba kulira mokweza monga timalirira kwathu, akuitana amuna awo. Azungu anangoti kakasi, matambula ali m'manja. Manyazi anandigwira, sindinama. Komatu kwathu sitisiya munthu akulira maliro yekha, choncho ndinamanga mpango wanga m'chiuno ngati chitenje n'kuyamba kuwathandiza kulira. Mtsikanayo anaimbabe mpaka kumapeto.

Chaka chotsatira nyimboyo inayamba kumveka pa wailesi, iye n'kusiya ntchito yake ya m'sitolo. Amawaitanabe kuti amayi, ndipo iwo amavomera. Atolankhani akamufunsa za Loweruka lija, iye amati ndi tsiku limene anayamba kudziwika. Achemwali nyimboyo saitchula n'komwe. Akafuna kukumbutsa mwana wawo chinthu cha nthawi imeneyo, amangoti, "Chaka chija tinaika bambo ako ku Wembley."