Usabwere kapena Udzabwere

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene kaseti ya agogo inafika kwathu ku Scarborough, m'chikwama cha munthu wina wochokera ku Malawi. Masiku amenewo achikulire osadziwa kulemba ankajambula mawu pa kaseti m'malo mwa kalata. Agogo aamuna, bambo awo a amayi, anali asanatumizepo ngakhale moni chikwatiwire amayi. Iwo anali Msilamu wa ku Nkhotakota, ndipo mwana wawo anakwatiwa ndi Mkhristu, bambo anga, n'kupita naye kunja. Zaka khumi ndi zitatu zinadutsa kuli zii.

Kasetiyo inabwera ndi kakalata ka amayi aang'ono konena kuti agogo akudwala kwambiri. Amayi anaiika m'wailesi yathu ya kukhitchini, yomwe inali ndi mbiri yotafuna matepi. Mawu ankamveka patali, mphepo ikuwomba, tambala akulira. Agogo anapereka moni, anadandaula za miyendo, ndipo chakumapeto anati, "Asiyatu mwana wanga, ine mphamvu zatha. U...abwere." Pakati penipeni pa liwu lomalizalo tepi inalira kuti sss.

Amayi anamva "usabwere." Anazimitsa wailesi n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale. Bambo anabweza tepi, anatchera khutu, n'kunena kuti agogo akuti "udzabwere."

"Mukungofuna kunditonthoza inu," anatero amayi.

Mlungu wonse nkhani inali yomweyo. Amayi akapita, mwina akakanidwa pakhomo anthu akuona. Akapanda kupita, mwina bambo awo amwalira akuwadikira. Ine sanandifunse. Chichewa changa chinali cha kukhitchini, ndinkamva zina n'kumayankha m'Chingerezi, ndipo amayi ankanditcha "wosamva." Kwathu liwu limeneli limanena gonthi, limanenanso mwana wamwano. Amayi ankatanthauza zonse ziwiri.

Loweruka bambo anatikweza basi ndi sitima kupita ku Hamilton kwa ankolo Phiri. Sanali m'bale wathu. Anali wa ku Chipata, injiniya pa fakitale ya zitsulo, ndipo Amalawi ndi anthu a ku Zambia onse ankadziwa misala yawo ya zomvera nyimbo. Akazi awo ankati mwamuna wawo ali ndi mkazi wachiwiri m'chipinda chapansi.

Tinatsika kukamuona mkazi wachiwiriyo. Pashelefu panali makina a kaseti olemera, pambali pake maampulifaya awiri, makina opatsa mphamvu mawu asanafike m'khutu. Ina inali yakuda, yopyapyala. Inayo inali ndi timababu tagalasi pamwamba. Mahedifoni anali pa kamtengo kawo, aakulu ngati timbale tiwiri ta ndiwo, okhala ndi nsalu yofewa m'mphepete. Ndisanatambasule n'komwe dzanja amayi anali atanena kale kuti, "Usagwire."

"Mahedifoni aya ni monga munthu, mlamu," ankolo anauza bambo m'Chinyanja chawo. "Amakamba kulingana na amene wawadyetsa. Manje tiyambe na iyi yakuda, siibisa kanthu."

Anawaveka amayi. Ine ndinkayang'ana nkhope yawo. Pofika pa liwu lija anatseka maso, kenako anavula mahedifoni n'kuwabweza mwaulemu ndi manja awiri.

"Zikomo achimwene. Tsopano andiuzira m'khutu mwenimweni."

Ankolo anamvera okha n'kukwinya nkhope. Anati ampulifaya yakudayo imanola mawu, moti phokoso la tepi likuchita ngati mafuta m'chiwaya, paliponse pangokhala sss. Anazula chingwe n'kuchilowetsa mu ya timababu ija. Tinadikira kuti itenthe. Timababuto tinayamba kufiira pang'onopang'ono, ndipo m'chipindamo munamveka kafungo ka fumbi lotentha. Amayi anakana kumveranso. Bambo anamvera n'kunena kuti ndi "udzabwere," amayi n'kuwayankha kuti zimenezo ananena kale asanachoke kunyumba. Ankolo anamvera kawiri, koma anali munthu woona. Analoza makutu awo.

"Ningakunamizeni. Matu yanga yanasila ku fakitale. Mupatseni mwana, yake ni yanyowani."

"Ameneyu? Wosamvayu?" anatero amayi.

Anandiveka. Mahedifoniwo anali olemera, ndipo ankolo anachita kuwagwirizira pamwamba pa mutu wanga kuti asatsetsereke. Tepi itayamba, chipinda chija chinasowa. Ndinali ndisanamvepo chinthu chotere. Mawu sankachokera kutsogolo ngati pa wailesi. Agogo anali pafupi ndi khutu langa lamanzere, ndipo ndinkamva mpweya wawo akamapuma, ndi lilime likugunda m'kamwa mopanda mano. Tambala anali kumbuyo, chakumanja. Wina ankasesa patali, moti ndinacheuka kuti ndimuone, n'kupeza khoma la ankolo. Phokoso la tepi linalipobe, koma linabwerera m'mbuyo ngati mvula ikugwa pa denga la aneba. Ndinachita mantha pang'ono, chifukwa munthu amene ndinali ndisanamuonepo ankandipumira m'khutu.

Liwu lija linadutsa. Ndinapempha kuti abweze, n'kubwezanso kachitatu.

"It's not usa," ndinatero mokuwa, chifukwa sindinkadzimva ndekha. "Usa ndimaidziwa ine. Usagwire, usathamange, usayankhe. Every day usa. Uyu akuti u-dza. Udza ndi chiyani? Like udzu? Grass?"

Palibe anaseka. Amayi anatambasula dzanja.

"Sitinena kuti uyu kwa agogo ako," anatero chapansipansi. "Timati awa. Bweretsa kuno."

Anavala okha mahedifoni aja. Ankolo anabweza tepi kanayi, amayi akungokweza chala kuti abwezenso. Kenako anapempha kuti ayambire poyamba penipeni, ndipo anamvera zonse, za miyendo zomwe, misozi ikutsikira pa nsalu ya mahedifoni odula aja. Ankolo anaiona misoziyo koma anayang'ana kumbali.

Lolemba amayi anakapempha tchuthi kuntchito. Anakawapeza agogo ali moyo, atagona pamkeka pakhonde. Atabwerako anatiuza kuti mawu oyamba a agogo sanali moni. Anati, "Wachedwa bwanji? Kodi kaseti sinafike?" Anamwalira patangopita milungu iwiri amayi atafika, mwana wawo ali pambali.

Kwa zaka zambiri ndinkadzitama kuti makutu anga ndi amene anagwira ntchito tsiku lija, ndipo ankolo ankadzitama kuti anali timababu tawo. Panopa ndili ndi mahedifoni anga ndi ampulifaya yanga, ndipo ndikudziwa kuti tonse tinkadzikuza. Bambo anamva liwu lomwelo pa wailesi ya kukhitchini tsiku loyamba. Chimene ine ndinali nacho, iwo analibe, n'choti sindinkadziwa tanthauzo lake. Sindikanatha kuwanamiza amayi kuti ndiwatonthoze, chifukwa ndinkaganiza kuti agogo akunena za udzu. Amayi nawo sanalakwe makutu. "Usabwere" anali akuimva mumtima zaka khumi ndi zitatu kaseti isanafike, ndipo tepi itangosiya kampata anaikamo yomweyo.

Amayi akalamba tsopano, ndipo makutu ayamba kuwavuta. Kumudzi masiku ano amatumiza mawu pa foni. Ukabwera uthenga wosamveka bwino, salola wina aliyense kuwamasulira, ngakhale bambo. Amati, "Muitaneni wosamva uja adzatimverere."